Dokowe Asanabwere

Tsiku loyamba la Marichi linacha ndi chifunga. Ralitsa anafika pachipata cha kwa a Nedyalka. Ananyamula kamphika ka msuzi wa nkhuku kokulunga m'thawulo, ndipo m'thumba la jasi munali kaulusi kofiira ndi koyera kamene anapota yekha. Ana asukulu ankadutsa mumsewu mikono itadzaza kale timaulusi, akufunirana thanzi mpaka adzaone dokowe woyamba. Koma munthu yekhayo amene Ralitsa ankafuna kumumanga kaulusi, chibwenzi chake Momchil, anali kuseri kwa makatani otseka a chipinda chapansi, ndipo anali asanamuone chitulukireni m'chipatala.

Anagogoda. Chitseko chinatseguka pang'ono, a Nedyalka, mayi ake a Momchil, n'kusuzumira.

"Wabweranso?"

"Mwadzuka bwanji, azakhali? Marichi wabwino. Ndabweretsa kamsuzi ka Momchil."

"Ukuganiza kuti m'nyumba muno mulibe mphika?"

"Ndingomuona pang'ono chabe. Sindilankhula naye. Ndingomumanga kaulusi, basi ndizipita."

"Kaulusi!" A Nedyalka anaseka, koma m'maso munalibe chimwemwe. "Unamuponya mumtsinje, lero ukufuna kumuvuula ndi kaulusi?"

Nkhani ya mtsinjeyo tauni yathu yonse inkaidziwa. Mu Januwale, tsiku limene wansembe amaponya mtanda m'madzi anyamata n'kudumphiramo kukaulimbirana, Momchil nayenso anavula malaya. Sanali munthu wa zoterezo. Anali mphunzitsi wa nyimbo, wochepa thupi, wosachedwa kugwidwa chifuwa. Koma dzulo lake bambo a Ralitsa, a Stamen, anali atamunena pamaso pa anthu kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi mwamuna wovala sikafu m'nyumba. Momchil analowa m'madzi amene m'mbali mwake munali moundana. Mtanda anatola wina. Iye anatola chibayo, chimene chinamugoneka m'chipatala mpaka pakati pa Febuluwale.

"Sindinamutume ine, azakhali. Ndinamugwira mkono, ndinamuletsa. Anthu anaona."

"Asanakudziwe iwe ankadumphira m'mitsinje?"

Kumbuyo kwa a Nedyalka kunatulukira Gergana, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene anakulira limodzi ndi Momchil. Anali atavala masilipasi a m'nyumbamo ndi epuloni ya a Nedyalka, ngati mtengwa wolowa kale.

"Aa, ndi Rali? Usadzivute, mnzanga, kaulusi ndamumanga kale m'mawa. Mkono wakewo wawonda, tiwiri tingamulemere."

"Lowa, Geri, mphepo ikulowa m'nyumba," anatero a Nedyalka.

Chitseko chinatsekeka. Ralitsa anaima pamenepo kakasi, madzi a chipale chofewa chosungunuka akulowa m'nsapato. Anayang'ana zenera lija mpaka khosi linawawa. Katani silinagwedezeke.

* * *

Kunyumba anapeza bambo ake akuwaza nkhuni. Ataona kamphika kaja anapukusa mutu.

"Akubwezanso?"

"Imwani inuyo. Paja mwamuna weniweni m'tauni muno ndinu nokha."

"Iwe, ukulankhula ndi bambo ako."

"N'chifukwa chake zikundiwawa."

A Stamen anaimika chikuni china. "Ine ndinkangocheza naye. Mwamuna ukamunena amakubwezera, mumaseka, nkhani yatha. Ndinamukankhira m'madzi ine?"

"Munamunena mowa wa rakiya uli m'mutu, tebulo lonse n'kumuseka. Iye anakhala chete chifukwa ankakulemekezani. Munkafuna akutukwaneni kuti mumuone ngati mwamuna?"

Bambowo anakweza nkhwangwa, koma sanaitsitse msanga. "Akachira abwere. Tidzaona."

"Mukadapita inuyo kukapepesa kwa mayi ake, mwina akadanditsegulira."

"Ine? Kwa Nedyalka? Ndi bwino ndilowe mumtsinjemo inenso."

Ralitsa analowa kuchipinda kwake n'kutenga foni. Mauthenga ake onse anali pomwepo, owerengedwa koma osayankhidwa. Analembanso wina: "Ndinali pachipata. Kaulusi kako ndili nako. Ungotsegula katani ndikuone nkhope, sindipempha zambiri."

Anadikira tsiku lonse, foni ili m'manja ngakhale potsuka mbale. Dzuwa likulowa ndi pamene inalira.

"Rali, usamadzivute nane. Bambo ako ananena zoona. Kuchoka pabedi kukafika kubafa ndimapumira panjira. Peza munthu wathunthu."

Anaimba nthawi yomweyo. Foni inali itazimitsidwa. Anakhala pansi pafupi ndi bedi, anaika nkhope m'maondo, n'kulira mosatulutsa mawu kuti bambo ake asamve.

* * *

Lachinayi anakumana ndi Gergana akutuluka m'sitolo ya mankhwala, atanyamula kabotolo ka mavitamini.

"Geri, taima."

"Ndili pachangu, wodwala wanga akudikira."

"Wodwala wakoyo akudya?"

Kunyada kwa Gergana kunathera pomwepo. Anayang'ana kumbali.

"Akudya ngati mbalame," anatero motsitsa. "Amangoyang'ana khoma. Ndikamuuza nthabwala amangoti, zikomo Geri. Gitala wake wachita fumbi. Adokotala anabwera dzana, anakalipa kwambiri. Akuti mapapo apola kale, munthuyu akufunika dzuwa, mpweya wapanja, kuyenda pang'onopang'ono, apo ayi afotera pabedi pomwepo. Azakhali anawaperekeza mpaka pachipata, atabwerera anawonjezera nkhuni m'chitofu n'kutseka mipata ya zenera ndi nsanza."

"Ndiye iwe wangokhala chete?"

"Ukudziwa mmene amuna awo anafera? Marichi ngati yemweyu. Anadwala chifuwa, anapezako bwino, dzuwa litawala tsiku limodzi anatuluka kukadulira mphesa. M'mawa mwake chipale chinabwerera. Sabata isanathe tinali kumanda. Ndiye ndikawauze chiyani ine?"

Ralitsa anamugwira mkono wa jasi. "Ndithandize, Geri. Ndagwira mwendo wako."

"Ndikuthandize? Iwe?" Gergana anachotsa dzanjalo. "Ine uja ndinayamba kumukonda iwe usanadziwe n'komwe dzina lake. Ndikuchapa zofunda zake zonyowa ndi thukuta, ndikumudyetsa ndi sipuni ngati mwana. Iwe unamupatsa chiyani? Chibayo."

"Ndikudziwa."

"Usandiyankhe choncho. Kangana nane, ndikutukwane bwino."

"Ndilibe mphamvu zokangana. Ndikuopa kuti afa, Geri."

Gergana anayamba kuyenda. Atafika pakona anaima, osatembenuka.

"Loweruka lililonse m'mawa amapita kumanda kwa amuna awo. Amakhalitsa. Ine sindinakuuze kanthu. Ndipo usaganize kuti ndakusiyira. Ndikungofuna kuti adye."

* * *

Loweruka Ralitsa anabisala kuseri kwa tchalitchi mpaka anaona a Nedyalka akudutsa ndi makandulo m'manja. Kenako anathamanga, anadumpha kampanda kakumbuyo, n'kudutsa m'dimba momwe matope ankafika m'akakolo. Anagogoda pazenera. Zii. Anagogodanso mwamphamvu.

Katani linasuntha. Ralitsa anagwira pakamwa. Munthu amene anaima kuseri kwa galasi anali ndi maso a Momchil, koma masaya anali atalowa, ndevu zitamera mosasamalika, khungu lili mbuu ngati la munthu wokhala m'phanga.

"Tsegula."

Momchil anapukusa mutu.

"Tsegula, apo ayi ndiswa galasili."

Anachotsa nsanza zija n'kutsegula pang'ono. M'chipindamo munatuluka fungo la utsi, adyo ndi mankhwala opaka pachifuwa.

"Wabwereranji? Ndinakuuza."

"Unandilembera. Ndiuze tsopano ukundiyang'ana."

Momchil anayang'ana pansi. "Tandiona, Rali. Ndinalowa m'madzi kuti bambo ako andione ngati mwamuna, anandivuulamo anyamata awiri ngati thumba la mbatata. Tauni yonse inaona. Tsopano amayi amandisambitsa kumsana. Ukufuna kukwatiwa ndi chiyani pamenepa?"

"Sindinabwere kudzakamba za ukwati. Ndabwera kuti utuluke panja."

"Sindingathe."

"Adokotala akuti ungathe."

"Adokotala sali m'miyendo mwangamu."

Ralitsa anamuyang'ana kanthawi. Kenako anavula jasi n'kuliponya pampanda. Anavula juzi. Anawerama, anamasula nsapato, n'kuponda ndi masokosi okha m'chipale chosungunuka. Kuzizira kunamubaya mpaka m'mano, koma anaima nji.

"Iwe, wapenga? Vala!"

"Iwe unalowa m'madzi chifukwa cha ine osandifunsa. Lero ndi nthawi yanga. Ndiima pano mpaka utuluke, kapena mpaka mayi ako andipeze nditauma."

"Rali, usachite zachibwana!"

"Ndaphunzira kwa iwe."

Milomo ya Ralitsa inayamba kunjenjemera ndi kuzizira. Momchil anatukwana chamumtima, n'kusowa pazenerapo. Panapita nthawi imene Ralitsa anaiona ngati chaka. Kenako chitseko chakumbuyo chinalira, mnyamatayo n'kutulukira atafunda bulangete, kumapazi atavala jombo zakale za malemu bambo ake. Anatsika masitepe akugwira khoma, maso atatsinzina chifukwa cha kuwala. Atafika pamene panali Ralitsa anamufunditsa bulangete lija, iye mwini n'kudzandira. Anagwirana onse awiri mpaka pakabenchi kotsamira khoma.

"Ndiwe mfiti," anatero akupuma mwabefu.

"Pepa. Puma pang'onopang'ono."

Momchil anamuvula masokosi onyowa aja, anakulunga mapazi ake m'mphepete mwa bulangete, n'kuwafungatira m'manja. Dzuwa linali litawomba khomalo. Madzi ankadontha kuchokera padenga, ndipo patsinde pa mpanda timaluwa toyera tinali titaboola chipale. Momchil anakweza nkhope, anatseka maso, misozi n'kuyamba kutsika yokha.

"Ndinaiwala kuti limafunda," anatero.

Ralitsa anatulutsa banitsa, mkate wotentha wa tchizi, umene anakulunga m'pepala. Momchil anati sakumva njala. Ananyema kachidutswa kuti angomusangalatsa, kenako kena, mpaka anatha theka. Pamene Ralitsa ankapinda mkono wa malaya ake kuti amumange kaulusi, anapeza ka Gergana kali pomwepo, kokongola, kokhala ndi mkanda wabuluu.

"Anandimanga ndili m'tulo," anatero Momchil msanga.

"Sindinafunse."

"Nkhope yako yafunsa."

Ralitsa anamanga kake pamwamba pake n'kulimbitsa mfundo kawiri. Pakamwa pa Momchil panaoneka kanthu kofanana ndi kumwetulira.

* * *

Kuyambira tsiku limenelo foni sinazimenso.

"Wadya chiyani lero?"

"Mazira awiri ndi chambiko. Amayi akuti ndi mapemphero awo ayankhidwa."

"Zenera watsegula?"

"Akangogona masana. Ndimaimika mutu panja ngati galu wa m'galimoto."

"Wayenda?"

"Kuchoka pabedi kufika pakabati, kubwerera, mpaka ndatopa. Kabatiyo yayamba kundidziwa."

Khwisa atangophuka m'mbali mwa njanji, Ralitsa anapita kukathyola nsonga zanthete, manja n'kutupa chifukwa choyabwidwa. Anaphika msuzi wobiriwira wa mpunga ndi dzira, n'kukaupereka pazenera a Nedyalka ali kubafa. Loweruka lotsatira Momchil anafika mpaka kumapeto kwa msewu wawo. Pobwera anapukuta jombo zija bwinobwino n'kuzibwezera pamalo pake. Anameta ndevu. Tsiku lina anamutumizira kamawu ka gitala, zala zikuphonyaphonya, Ralitsa n'kukamvetsera mpaka foni inatha moto.

Koma mtima wake sunakhale m'malo. Akamva kuti watsokomola kamodzi, tulo tinkamuthawa. Kunja kukachita mitambo, ankangokumbukira bambo uja anapita kukadulira mphesa. Ankadzifunsa kuti, nanga ngati a Nedyalka akunena zoona? Nanga ngati ndikumupha kachiwiri?

Chakumapeto kwa mwezi, Loweruka lina lofunda bwino, Momchil yekha anati, "Tiye kumtsinje."

"Ndi kutali."

"Ndikufuna ndikauone."

Anayenda mopumira, iye atatsamira phewa la Ralitsa. Atafika pagombe paja anaima. Madzi anali ofiirira, odzaza, akuthamanga ndi timitengo. Ralitsa anamva dzanja la Momchil likuuma paphewa pake.

"Ndi pano," anatero Momchil. "Ndinkaganiza kuti ndikadzapaona ndidzakomoka. Koma ndi madzi basi. Iwe mtsinje iwe, mtanda unandimana, moyo wokha walephera!"

Anaseka mpaka kutsokomola, Ralitsa n'kumusisita kumsana mtima uli m'mwamba. Ndi pamene anamva phokoso ngati la timitengo tikuwombana. Pamwamba pa mzati wa magetsi, pachisa chakale chija, panaima dokowe, akuwomba milomo khosi atalipindira kumbuyo.

"Rali, taona! Wabwera!"

Pafupi panali mtengo wa mapulamu utachita maluwa. Mwambo umati ukaona dokowe woyamba, umasule kaulusi n'kukamangirira pamtengo wa maluwa, choncho Momchil anamasula timaulusi tonse tiwiri. Anayamba kumangirira ka Gergana panthambi.

"Nakonso?" anafunsa Ralitsa.

"Nayenso wandisamala. Sindingakataye m'matope."

"Ndiye kamukwatire, akusamale bwino."

"Nsanje pa munthu wonga mzukwa?" Momchil anaimirira ndi zala, n'kumanga ka Ralitsa panthambi yapamwamba imene akanatha kufikira. "Waona? Mwezi wathawu sindikadatha kukweza mkono chonchi. Ndi iwe."

Anamukoka n'kumupsompsona pansi pa mtengo womwewo. Palibe mwa iwo amene anayang'ana pamlatho, pamene Gergana anaima ndi chikwama cha kumsika, akuona zonse.

* * *

Akuluakulu amati Marichi ndi gogo wamtima wapachala, m'mawa aseka, masana akwiya. Tsiku lomwelo dzuwa litapendeka mphepo inatembenuka, kumwamba kunada, chipale n'kuyamba kugwa ngati Januwale wabwerera. Ralitsa anaima pazenera akupemphera kuti chisiye. Ndi pamene anaona a Nedyalka akukwera chitunda cha kwawo opanda mpango kumutu, jombo zija zili m'manja.

Anaziponya pakhonde. "Stamen! Tuluka uone ntchito za mwana wako!"

A Stamen anatuluka, Ralitsa ali pambuyo.

"Ndimapita kukalira mwamuna wanga, iwe n'kumalowa kumbuyo ngati mbava? Mkono wake ulibe kaulusi. Dokowe wamuonera kuti, padenga la chipinda? Geri wandiuza zonse. Mpaka kumtsinje! Mtsinje womwewo!"

"Azakhali, akupeza bwino. Inunso mwaona. Akudya, akuseka."

"Bambo ake nawonso ankaseka! Anadya mbale ziwiri tsiku limenelo, akuimba nyimbo. Ine ndinawalola kutuluka. Ndinati pitani, dzuwa likuchitirani bwino. Ine ndemwe!" Analoza kumwamba. "Taona kunjaku. Ukuona?"

Ralitsa anatsika masitepe n'kugwada m'chipale momwemo. "Ndimenyeni ngati mukufuna. Mundiletse kumuona, ndivomera. Koma musamutsekerenso m'chipinda muja. Afa muli naye pafupi, azakhali."

"Dzuka apo," anatero a Stamen. "Nedyalka, mwana wako si dzira. Wamusandutsa nkhalamba ali ndi mano onse."

"Iwe usanditsegulire pakamwa. Pakamwa pakopo ndi pamene panayambira zonsezi."

A Stamen anaweramitsa mutu.

"Mawa masana mlongo wanga akubwera ndi galimoto," anapitiriza a Nedyalka. "Momchil akupita kwa amalume ake kumzinda wa Burgas, akakhala konko mpaka chilimwe. Geri wavomera kupita naye kukamusamala. Foni yake ili m'thumba mwangamu. Iwe, mtsikana, ngati umamukondadi, umusiye akhale moyo."

Anatembenuka n'kutsika chitunda, akuterereka. Jombo zija anazisiya pomwepo, chipale chikuzikwirira.

* * *

Lamulungu kunacha kuli koyera ponseponse, misewu ili gwaa ndi madzi oundana. Ralitsa anali atavala jasi katatu n'kulivulanso. Akapita, akanena chiyani? Akaima kutsogolo kwa galimoto? Anakhala kukhitchini, tiyi atazizira m'kapu, akuganiza za Gergana atakhala kumpando wakumbuyo, mutu wa Momchil uli paphewa pake.

Galu anauwa. A Stamen anasuzumira pazenera n'kuika kapu pansi.

"Mulungu wanga. Tabwera uone."

Momchil anali akukwera chitunda. Anavala jasi lalikulu ndi sikafu mpaka m'mphuno, paphewa atakoleka chikwama ndi gitala. Ankayenda pang'ono, n'kuima, n'kuyambanso. Ralitsa anafuna kuthamanga, koma bambo ake anamugwira.

"Musiye. Afike yekha."

Anafikadi yekha. Atagwira chipata anapuma kaye, nthunzi ikutuluka m'kamwa, kenako anatsitsa sikafu.

"Mwadzuka bwanji, bambo Stamen?"

"Ndadzuka. Iwe ndiye wadzukadi."

"Ku Burgas sindipita. Ndawauza amayi maso ndi maso. Sanandimve, ndiye ndatuluka." Anameza mpweya. "Mtanda sindinautole, ndipo sindidzalowanso m'madzi chifukwa cha inu kapena wina aliyense. Sikafuyi ndizivala, ngakhale m'nyumba mwanu. Koma Ralitsa ndikumufuna. Ngati mukana, kanani pano ndikumva."

A Stamen anakanda kumutu. Anayang'ana chitunda chija, anayang'ana mnyamatayo, n'kutsokomola ngakhale analibe chifuwa.

"Chitunda chimenechi ine ndimapumira kawiri," anatero. "Tsiku lija ndinalankhula zauchitsiru, mwana wanga. Lowa, usaime pamphepo. Rali, ika msuzi pamoto."

Ralitsa anathamanga n'kumukumbatira, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anaika dzanja pachipumi pake. Sipanali potentha. Anaikanso kachiwiri kuti atsimikize.

"Ndili bwino, Rali. Ndatopa chabe."

Anali atangoponda sitepe yoyamba, manja atagwirana, pamene anamva kukuwa kumunsi.

"Momchil! Momchil!"

Anali Gergana. Ankathamanga wopanda jasi, tsitsi lili balala, bondo limodzi likutuluka magazi pamene anagwera. Atafika anagwira chipata ndi manja onse awiri.

"Mayi ako agwa! Anatuluka kukuthamangira ndi masilipasi, aterereka pamasitepe. Chiuno, Momchil. Sakutha kudzuka."

Nkhope ya Momchil inayera. "Ambulansi?"

"Yafika kale. Koma akukana kuti awanyamule. Agona pachipale pomwepo, agwira chitsulo cha mpanda, akuti sachoka mpaka akuone. Milomo yayamba kuda."

"Tiyeni tonse," anatero Ralitsa. "Bambo, lizani galimoto."

"Iwe ayi." Gergana anamuyang'ana, ndipo ulendo uno m'maso mwake munalibe chipongwe, munali mantha okhaokha. "Anena pamaso pa anthu onse. Akuti akangoona nkhope yako, awasiye afere pomwepo. Akuti Momchil abwere yekha, ndipo adzalumbire atagwira dzanja lawo kuti za iwe zatha. Akapanda kulumbira, sakwera."

A Stamen anali atatulutsa kale galimoto, injini ikulira. Momchil anayang'ana kumunsi kwa chitunda, kenako anayang'ana Ralitsa.

"Pita," anatero Ralitsa. "Akuzizidwa. Pita msanga."

"Rali, akandiuza kuti ndilumbire..."

"Pita!"

Zala zake zinamasuka chimodzichimodzi m'dzanja la Ralitsa. Anakwera kutsogolo, Gergana kumbuyo, zitseko n'kutsekeka. Ralitsa anatsala pakhonde yekha, akuyang'ana galimoto ya bambo ake ikutsika chitunda pang'onopang'ono. Momchil sanacheuke.